Mbewa za mu Januwale

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga, inu a mumpingo mwathu ndi ena onse amene mawu awa akufikeni. Ine ndine Jere, wa ku Libuyu. Sindidziwa kulankhula pagulu, ndiye abusa atandipempha kuti ndiime kutsogolo ndifotokoze zimene Mulungu wandichitira, ndinawapempha kuti ndilembe. Vuto langa linali phewa la kumanja, limene linaguluka katatu ndili pa ntchito. Loposa phewalo linali pepala limodzi lonena kuti ndinavulalira kumudzi. Pepalalo analemba mnzanga.

Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi pa kampani ina yotengera alendo pamtsinje. Alendowo amakwera maboti a mphira kumunsi kwa mathithi n'kumatsetsereka ndi mafunde, akukuwa ndi kujambulidwa. Ife tinali onyamula. M'mawa tinkatsitsa mabotiwo m'chigwembe chija chimene tonse timangochitcha goji, ndipo ulendo ukatha tinkawaphwetsa, kuwapinda ndi kukwera nawo pamapewa. Njira yake ndi ya miyala ndi makwerero a mitengo. Munthu wopanda katundu amafika pamwamba ali wefuwefu. Mvula ikagwa, mwala uliwonse umakhala ngati waupaka sopo.

Kapitawo wathu anali ba Mulenga. Tinalembedwa ntchito m'chaka chimodzimodzi, tinanyamula boti limodzi zaka zambiri, ndipo atakwezedwa ndinakondwera ngati wakwezedwa ndine. Iwo ndi Abemba, ine ndine Mngoni, choncho ndife a chimbuya, ndipo timaitanana kuti mbuya. Kwa inu amene simuchidziwa chimbuya, Mngoni ndi Mbemba amaloledwa kunyozana mmene angafunire, ndipo amene wakwiya ndiye wolakwa. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani. M'goji anyani ndi ambiri, ndiye tsiku silinkatha osanyozana.

"Ba mbuya, ndiyo yanu iyo yathaba," ndinkatero nyani akadumpha pamwala, ponena kuti ndiwo zawo zathawa.

"Nyamulani chabe, imwe," ankayankha. "Mbeba zinakusilizani mphamvu."

Ndine munthu wosaseka kawirikawiri, koma ndi ba Mulenga ndinkaseka.

Tsiku lina mu Januwale, mvula itagwa m'mawa wonse, ndinaterereka boti lili paphewa. Ndinagwira muzu ndi dzanja lamanja kuti ndisapite pansi, katunduyo anandikokera kumbali, ndipo ndinamva phewa likuchoka m'malo mwake. Mmodzi wa opalasa, amene anaphunzira chithandizo choyamba, analibwezera pomwepo. Za ululu wake sindilemba. Anzanga anandigwiriziza mpaka pamwamba n'kundikhazika m'lole.

Ba Mulenga anabwera ndi fomu ya ngozi. Onyamula onse anali atatizungulira, nkhope zili zakugwa.

"Manje ba mbuya, tilembe chani? Munagwa bwanji?"

Ndinaona kuti anzangawo achita mantha, chifukwa mawa lake anayenera kutsikanso njira yomweyo. Ndinafuna kuti aseke. Ndinati, "Lembani kuti ninagwa pokumba mbeba kumunzi."

Anaseka onse, mpaka dalaivala. Ba Mulenga anaseka atagwira pamimba. Kenako anati mvula ikunyowetsa pepala, ndingosaina pansi, zina akalemba ku ofesi. Ine ndinafika Giredi 12. Chingerezi ndimawerenga, ndipo sindimwa ngakhale mankhwala a chifuwa ndisanawerenge botolo. Koma tsiku limenelo ndinasaina ndi dzanja lamanzere pa pepala lopanda kanthu, chifukwa wogwira pepalalo anali mbuya wanga.

Ku chipatala anandipatsa mapilitsi ndi nsalu yokolekera dzanja. Ndinapuma milungu itatu n'kubwerera m'goji. Patatha chaka phewa linagulukanso, tikukweza boti pangolo. Kachitatu sindinali nditanyamula boti n'komwe. Ndinangoponya mtolo wa nkhafi m'lole, dzanja n'kulendewera.

Nthawi zonse ba Mulenga ankabwera ndi fomu ndi nthabwala. Ankati mbewa zija zikubwezera. Ndinawafunsa kawiri za chipukuta misozi cha antchito ovulala, chimene tinkamva kuti kampani imatilipirira ku boma. Anati mapepala ali ku Lusaka, abwera. Kufunsa kachitatu ndinaona ngati n'kumuyesa mbuya wanga wabodza, ndiye sindinafunsenso.

Dokotala amene anandiona ulendo wachitatu ndi amene ananditsegula maso. Anati phewa likaguluka kamodzi, minyewa yake imatamuka, ndipo lizingogulukabe mpaka litachitidwa opaleshoni. Anati zonyamula ndisiye. Atandifunsa kumene linagulukira koyamba, ndinati ku ntchito. Iye anati basi, ngozi yoyambayo ndiye muzu, zinazi ndi nthambi zake, ndipo ngati olemba ntchito anaikanena ku ofesi ya chipukuta misozi, opaleshoniyo si katundu wanga. Anandilembera kalata. Ndinatuluka m'chipatala mtima uli m'malo.

Kalatayo ndinapita nayo kwa bwana wa ofesi yathu. Anaiwerenga, natsegula kabati, natulutsa fayilo yanga. Pamwamba panali fomu ija ya mu Januwale, tsopano yodzaza ndi zolemba za ba Mulenga, zimene ndimazidziwa ngati zanga. Inkanena kuti wantchito wanena yekha kuti anavulala kumudzi kwawo ku Chipata masiku apitawa pokumba mbewa, ndipo anabwera ku ntchito ali wovulala kale. Pansi panali saini yanga yokhotakhota ija. Mafomu enawo ankangoti bala lakale la kunyumba layambiranso. Ku Lusaka sikunapite pepala ngakhale limodzi.

Ndinawerenga kawiri. Ndinati iyi inali nthabwala.

Bwanayo anaitanitsa ba Mulenga. Analowa, naima pafupi ndi khomo, maso ali pakhoma.

"Ni vamene banakamba, bwana," anatero. "Bonse banamvela."

Sanali kunama. Ndinanenadi, ndipo onse anamvadi. Bwanayo anati akumva chisoni, koma kampani singayankhe za mbewa za ku Chipata, ndipo popeza dokotala wandiletsa kunyamula, kontirakiti yanga ikatha saiwonjezera. Chokhacho chimene ndinakumbukira kupempha ndi fotokope ya fomuyo. Anandipatsa mosavuta, poona kuti ndi pepala lotseka nkhani.

Lamlungu lotsatira masana ndinapita ku Linda kunyumba kwa ba Mulenga. Ananditulutsira mpando pansi pa mtengo wa mango. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anakhala nthawi akupala dothi ndi nsapato, kenako anati powakweza anawauza kuti kapitawo wabwino ndi amene chaka chake chimatha chopanda ngozi, ndipo ngozi yanga inagwa iwo atangokhala miyezi iwiri paudindo.

"Nili na bana basanu, ba mbuya."

Ndinati nanenso ndili ndi ana. Pamenepo anakweza mutu n'kuyesa kumwetulira.

"Aa, ba Ngoni, mwakalipa? Mbuya sakalipa."

Mawu amenewo anandilasa kuposa fomu ija. Munthu anatenga nthabwala yanga n'kundichotsera nayo dzanja ndi ntchito, kenako n'kundikumbutsa kuti mwambo sundilola kukwiya. Ndinanyamuka osatsanzika.

Ndinayenda kwa anzanga amene analipo tsiku lija, ena ku Malota, ena konkuno ku Libuyu. Aliyense ankakumbukira bwino. Wina anafotokoza mpaka muzu umene ndinagwira. Koma ndikati tiyeni mukanene zimenezi ku ofesi, ankayang'ana pansi n'kunena kuti nawonso ali pa kontirakiti. Sindiwaimba mlandu waukulu. Koma anthu amene ndinawaseketsa kuti asaope ndi omwewo amene anandisiya chifukwa cha mantha.

Miyezi imene inatsatira inali yoipa. Mkazi wanga Mutinta amagulitsa masamba ndi tomato pamsika, ndipo nyumba yonse inatsamira pa tebulo lakelo. M'mawa asanapite ankandiveka malaya ngati mwana. Ndowa ya madzi sindinkatha kuinyamula. Phewa linkatha kuguluka ndikungofikira kapu pashelefu, ndiye ndinaphunzira kuyenda chigongono chili chomatirira kunthiti. Ntchito ndinafunafuna, koma kwa munthu wa zaka zanga ntchito zopezeka ndi zamanja.

Chinanso chimene sindinauzepo munthu ndi ichi. Tsoka langa linali loseketsa. Aliyense amene ndinamufotokozera ankamvetsera ndi chisoni mpaka ndifike pa mbewa, kenako milomo inkayamba kunjenjemera. Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa, n'kupepesa pambuyo. Mkulu wina wa mpingo anatembenukira kuwindo kuti ndisamuone. Ndinasiya kufotokoza. Kenako ndinasiya kubwera ku tchalitchi. Ena a inu munabwera kudzandiona ndipo ndinakuuzani kuti ndi phewa. Silinali phewa. Ndinali nditakwiyira Mulungu, chifukwa ndinakhala moyo wanga wonse wosamala, osamwa, osaba, osasaina chinthu mwachisawawa, ndipo tsiku limodzi lokha limene ndinakhulupirira munthu ndi limene linandigwetsa.

M'mawa wina Mutinta atapita kumsika ndinagwada pafupi ndi bedi. Mawu okongola ndinalibe. Ndinati, Ambuye, m'goji muja munalimo. Amene anaona atseka pakamwa. Mboni yatsala ndinu nokha, ndipo sindidziwa kuti mumachitira bwanji umboni pa mapepala a anthu. Ndinakhala pamenepo mpaka mawondo anachita dzanzi. Sindinamve liwu lililonse.

Madzulo ake Mutinta anapeza fotokope ija pansi pa nsalu ya patebulo. Iye si wolankhula mozungulira.

"Ba Jere, yendani mweka ku ofesi ya boma. Ngati bazaseka, baseke. Mwazolobela kale."

Ndinati pepalalo likunditsutsa ine, ndikapita nalo ndikadziyalutsa. Iye anati ndayaluka kale, chatsala n'chiyani. Mawa lake anandiveka malaya oyera n'kundiperekeza mpaka pokwerera takisi.

Ku ofesi ya chipukuta misoziyo ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa litafika pamutu. Amene anandiitana anali mayi wachikulire wa magalasi, amene dzina lake sinditchula. Ndinawapatsa kalata ya dokotala, kabuku kanga ka kuchipatala ndi fotokope ija. Ndinayang'ana pansi, kudikira kuseka.

Anawerenga mwakachetechete. Kenako anavula magalasi.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

Ndinati bambo anga anachokera ku Chipata kudzagwira ntchito ya njanji, koma ine ndinabadwira konkuno.

"Mbewa munakumbapo?"

Ndinati ayi. Achibale akabwera nazo ndimadya, sindikana, koma una wa mbewa sindinauonepo.

"Ndaona," anatero. "Ine ndine wa ku Petauke, ndakula nazo. Mbewa timakumba tikakolola, tchire litapsa. Apa alemba Januwale. Ndani amakumba mbewa chimanga chili m'chiuno, mauna atadzaza madzi?" Anagogoda pepalalo ndi chala. "Amene analemba izi ndi Mbemba, eti?"

Ndinati inde.

"Mbuya wanu?"

Ndinati inde. Ndipo pamenepo, abale, bambo wa zaka zanga ndinalira pamaso pa mayi wachilendo. Iwo sanaseke. Anadikira kuti ndimalize, kenako anati ndifotokoze zonse kuyambira pa muzu uja, pang'onopang'ono, iwo akulemba.

Anandichenjeza kuti kudziwa nyengo ya mbewa si umboni wokwanira, ndipo nkhaniyo itenga nthawi. Koma anati bodza likaoneka pamalo amodzi, munthu amadziwa pokumba. Anandifunsa ngati kuntchito kunali kaundula wa obwera tsiku ndi tsiku. Ndinati analipo, ndipo wochonga anali kapitawo. Ofesiyo inalembera kampani kuitanitsa kaundula wa masabata amenewo. Nyengo imeneyo alendo a Khirisimasi ndi chaka chatsopano anali ambiri, ndipo ine sindinapumeko tsiku ndi limodzi lomwe. Kaundulayo anasonyeza dzina langa litachongedwa m'mawa uliwonse mpaka tsiku la ngozi. Kuchoka kuno kupita ku Chipata ndi kubwerako, munthu amataya masiku. Dzanja limene linalemba kuti ndinali kumudzi ndi lomwelo limene linachonga kuti ndinali m'goji.

Ndinapempha Mulungu kuti akhale mboni yanga, ndisakudziwa kuti adzachita bwanji. Anandikhazika pamaso pa munthu wodziwa nyengo ya mbewa, mu mzinda umene ambiri sanaonepo una. M'chipinda chomwecho munali matebulo ena, ndipo ndikanatha kuitanidwa ndi wina aliyense.

Sizinathe msanga. Ndinaitanidwa kangapo, ndinapimidwa ndi madokotala ena, ndipo panali miyezi imene ndinkaganiza kuti fayilo yagona. Kaundula ataoneka, anzanga awiri analimba mtima n'kukanena zimene anaona. Pomaliza kalata inabwera yonena kuti ngozi yoyamba inali ya pa ntchito, ndipo ziwiri zinazo zinachokera pa yoyambayo. Opaleshoni anandichita ku Lusaka popanda kugulitsa kanthu m'nyumba. Amandipatsanso kangachepe chifukwa cha mphamvu imene dzanjali lataya. M'goji sindidzabwereranso. Ndinatsegula kamalo komatira machubu a njinga ndi a galimoto m'mbali mwa msewu wa ku Malota, popeza kumata mphira ndinaphunzira pa maboti. Malaya ndimavala ndekha.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye pamene ine ndinamusiya. Ndikuthokoza mkazi wanga, mayi uja wa ku ofesi, ndi inu amene munkabwerabe ngakhale ndinkakulandirani ndi nkhope yowuma. Kwa inu amene mumagwira ntchito yamanja ndikuti, mukavulala musachite manyazi kufunsa kumene pepala lanu lapita, ndipo bala likayambiranso musalole kuti lingotchedwa lakale popanda kunena kumene linayambira. Kwa inu amene mwatsekeredwa zitseko zonse, pitirizani kugogoda ndi kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale lokwiya ngati langa. Iye amamva.

Koma sindingatseke ngati zonse zili bwino, chifukwa ndingakhale ndikunama m'nyumba ya Mulungu.

Kampani inakankhira mlandu wonse pa ba Mulenga. Anawachotsa pa ukapitawo, ndipo tsopano akunyamulanso maboti pa msinkhu umene mawondo sakulolanso. Amene anawauza za chaka chopanda ngozi akadali pamipando yawo. Nditamva sindinakondwere, koma sindinawamverenso chisoni.

Mwezi wathawu amayi a ba Mulenga anamwalira ku Linda. Pa maliro a Mbemba, ntchito ndi ya ife Angoni. Ndife otunga madzi, owaza nkhuni, okwirira manda, ndiponso ndife oyenera kunyoza ofedwa ndi kuwapaka ufa kuti chisoni chisawamize. Ndinalimbana ndi mtima wanga masiku awiri, tsiku lachitatu ndinapita. Ndinatunga madzi ndi dzanja lamanzere. Ndinathandiza kukonza mipando. Angoni anzanga ankazungulira ba Mulenga, kuwathira ufa kumutu, kuwafunsa ngati aphika nyani wa alendo, ndipo anthu ankaseka misozi ili m'masaya. Ine ndinagwira ntchito yanga chete.

Tikuchokera kumanda anandipeza ndikusamba m'manja pachipata. Mutu wawo unali mbuu ndi ufa. Anaima pafupi nane.

"Ba mbuya," anatero motsitsa mawu, "nitukaneniko chabe. Olo kamozi."

Ndinatsegula pakamwa. Zonyoza zonse ndikuzidziwa, ndazinena zaka khumi ndi zinayi. Palibe chimene chinatuluka. Ndinangoti, "Pepani ndi maliro, ba Mulenga," monga anganenere mlendo aliyense. Anagwedeza mutu n'kubwerera m'nyumba.

Choncho umboni wanga ukuthera pa pempho. Mulungu wandibwezera dzanja, wandibwezera chakudya cha ana anga, ndipo dzina lake lilemekezeke. Chimene chatsala sindingachipeze ku ofesi iliyonse. Mukamapemphera, abale, munditchule, kuti tsiku lina ndidzakumane ndi munthu uja pamsewu ndipo ndidzathe kumutukwana.